Kalasi ya chizungu cha mumsewu ku Leeds, mmene ndaionera nditamaliza ma wiki 8

Anzanga angapo amene mwangofika kumene kuno ku UK mwakhala mukundifunsa za kalasi ija ndimapita Lachiwiri madzulo, kuti kodi ndi yothandiza kapena ndikungotaya ndalama. Ndamaliza sabata yathayi nde ndati ndingolemba kamodzi basi m'malo moyankha mmodzimmodzi.

Ndiyambe ndi chomwe chinandipititsako. Ine chizungu ndimachidziwa, MSCE ndinakhoza bwinobwino, mayeso a chizungu a IELTS ndinalemba ndikudutsa, ku Blantyre ndagwirapo pa ofesi pomwe tsiku lonse ndi chizungu chokhachokha. Nde pobwera kuno kudzagwira ntchito yosamalira okalamba ndinkati vuto likhala kuzizira basi. Mwezi wachiwiri mzanga wina wachizungu wandipeza kukhitchini kuntchito akuti tikupanga whip-round ya uje akusiya ntchito, ponyapo tenner ngati uli nayo. Ine whip ndimadziwa kuti ndi chikwapu. Ndinangoti okay uku ndikumwetulira, mumtima ndikuti kodi munthu akuchoka yekha mwamtendere akufuna amukwapule chifukwa chani kkkk. Osadziwa kuti kumeneko ndi kusonkha, ngati mmene timasonkhera pa maliro kapena pa chinkhoswe, ndipo tenner ndi £10. Sindinasonkhe. Khadi yotsanzikana inazungulira aliyense anasaina ine dzina langa mulibe, ndipo kwa masiku angapo anthu ankandiona ngati ndine woumira. Zinandiwawa zimenezo chifukwa kwathu munthu osasonkha pa zochitika timamudziwa mmene timamunenera.

Kalasiyo imachitikira mu kaholo kena ka m'dera lomwe ndimakhala, maola awiri, £5 pa tsiku. Aphunzitsi ake ndi mayi wina wachikulire wakonkuno ku Yorkshire amene anapuma ntchito ya uphunzitsi, ife timangowatchula kuti madamu ngakhale iwo amakana amafuna tiziwatchula dzina loyamba, koma ine lilime limakana, munthu wamsinkhu wa mayi anga ndingamutchule dzina bwanji. Tinalipo anthu ngati khumi ndi awiri, a ku Nigeria, a ku India, mayi wina wa ku Ukraine, banja lina la ku Hong Kong, ndi m'bale wina wa ku Zimbabwe amene anakhalapo ku Joni zaka zambiri. Sakuphunzitsani galamala ayi. Ndi chizungu chomwe mumachimva mu basi, kwa dokotala, kwa landilodi. Pa ma wiki 8 aja atatu anali a ndalama okhaokha ndipo ndi amene ndikufuna ndikambe chifukwa ndi amene anandipititsako.

Tsiku loyamba la ndalama madamu anangotulutsa ndalama zenizeni kuyala pa tebulo. £5 ija ya Winston Churchill, £10 ya Jane Austen, £20 ya wojambula zithunzi J.M.W. Turner, ndi £50 ya Alan Turing yomwe anati abwereka kwa mwana wawo chifukwa iwo sayenda nayo, ndipo ndi zoona £50 kuno siioneka wamba, mashopu ang'onoang'ono ena amachita kuiyang'ana kawiri. Zonse ndi zapulasitiki masiku ano, £5 inayamba mu 2016, ndipo zapepala zomaliza za £20 ndi £50 zinasiya kugwira ntchito mu September 2022, nde ngati achibale ena amene anabwerako kalekale akupatsani zapepala zomwe anasunga mu sutukesi musakagulire nazo buledi, zimenezo ndi zokasintha ku banki. Zatsopano za nkhope ya King Charles zinayamba mu June 2024 koma za Queen zikugwirabe ntchito.

Kenako nde mayina ake. Paundi imodzi ndi quid, ndipo anatikhomerera kuti quid ilibe s, kaya ndi 2 kaya ndi 200 ndi quid basi, ukati quids aliyense adziwa kuti wafika dzulo. £5 ndi fiver, £10 ndi tenner, £1000 ndi grand. Ma pence samati pence amangoti p, kumveka ngati pii, nde 50p ndi fifite pii. Ndipo mtengo ngati £2.50 amangoti two fifty osatchula paundi, zomwe zinandisokonezapo tsiku lina mu kashopu kena ndimaona ngati sopo akuti £250 ndinatsala pang'ono kumubweza pa shelefu. Tchenji yachitsulo yodzadza mthumba ena amaitchula shrapnel. ATM amati cashpoint kapena hole in the wall, bowo la pakhoma, nde mukamva mzungu akuti ndikupita pa bowo la pakhoma musadabwe. Ndalama mwachisawawa ndi dosh, dough, bread, readies, ndipo konkuno kumpoto amati brass. Ukashota umati I'm skint. Munthu wa dola zake amati ndi minted kapena loaded. Malipiro ochepa ndi peanuts, mtedza, ndipo apa tonse osamalira okalamba tinayang'anana ndikuseka.

Chomwe ndinakonda kwambiri si mndandanda wa mawu, umenewo mutha kuupeza pa intaneti ulele. Ndi khutu. Madamu anajambula pa foni mawu a anthu awo, mchimwene wawo, neba, mnyamata wina wogulitsa nsomba ndi tchipisi, akuyankhula mwachangu mmene amayankhulira okhaokha, nde amatiseweretsa ife tilembe mtengo womwe tamva. Abale, ulendo woyamba pa 10 ndinapeza 3. Chizungu cha ku Yorkshire amameza zilembo, mawu oti the amatsala ka t kokha nthawi zina kosamveka nkomwe, nowt ndi palibe, owt ndi chilichonse. Pofika wiki yachitatu ndimapeza 8 kapena 9. Pamenepa pokha £5 yanga inabwerera. Kenako amatiika awiriawiri wina wogulitsa wina wogula, ndipo ukangoti excuse me how much does this item cost amakuimitsa akuti ukuyankhula ngati kalata ya ku banki.

Pali liwu lina lomwe likufunika chenjezo kwa ife a Malawi makamaka, grand. Kwathu timati 5 grand kutanthauza K5000, ka pepala kamodzi kaja kanatuluka mu 2022. Kuno 5 grand ndi £5000. Tsiku lina pa buleki ndikuyankhula ndi mlongo wanga pa foni ndikumuuza kuti ndikutumizira 50 grand ya transipoti upite kumudzi ukaone amayi, mzanga wachizungu anali pafupi anamva 50 grand yokhayo, maso tong'o, akuti iwe ukugwiriranji ntchito kuno. Nde ndinayamba kumufotokozera za kwacha, mpaka za mita kuti kwathu miliyoni timati mita. Komanso ku Yorkshire kuno grand amatanthauzanso kuti zili bho, munthu ukampatsa tiyi akuti that's grand love, si kuti tiyi wako ndi wa £1000 ayi. Izi madamu anazifotokoza bwino nditawafunsa, ndipo anachita chidwi anatiuza aliyense anene mayina a ndalama a kwawo. Ine ndinawapatsa dola, khusa, makobiri, bandulo. M'bale wa ku Zimbabwe uja anabweretsa za ku Joni, tiger ndi R10, klipa ndi R100, amene munakhalako mukuzidziwa. Linali tsiku lokoma limenelo, tinatuluka mochedwa.

Tsopano pomwe ndinaona kuti tikutaya nthawi. Ola lathunthu linapita pa mawu a ku London a anthu otchedwa ma Cockney, amene amati ndi obadwira pomwe belu la tchalitchi cha St Mary-le-Bow limamveka. Score ndi £20, pony ndi £25, ton ndi £100, monkey ndi £500. Kenako aja amasewera ndi kamvekedwe ka mawu, Lady Godiva kutanthauza fiver, Ayrton Senna woyendetsa galimoto zampikisano uja kutanthauza tenner, bag of sand kutanthauza grand. Zosangalatsa inde, tinaseka, pusi £500 kavalo £25, koma chibwerereni ku Leeds sindinamvepo munthu wamoyo akuti monkey pa nkhani ya ndalama. Mwina kwa ogulitsa magalimoto akale kapena kobetchera mahatchi. Ine chifukwa chofuna kuonetsa kuti ndaphunzira ndinakayesa kuntchito, ndinati nsapato izi ndagula pony. Anthu anaseka mpaka wina anatsamwa tiyi. Wina nde anandinong'oneza kuti pony ku London komweko amatanthauzanso chinthu chachabechabe, ndi liwu lina loti sindingalembe pano. Madamu izi sanatiuze. Nde ngati mupite, mawu amenewa ingowadziwani kuti alipo, musawatulutse pakamwa, munthu wa kamvekedwe ka ku Ndirande kunena kuti monkey zimakhala ngati mzungu wafika mu Limbe ndikuyamba kuti aise ndipatse khusa.

Koma ndivomere kuti pali gawo lina lomwe ndinalinyoza mumtima tsiku lomwelo kenako linandichititsa manyazi. Ndalama zakale. Madamu anayamba kufotokoza kuti isanafike 15 February 1971 paundi inali ndi masheleni 20, sheleni imodzi ma peni 12, nde paundi yonse ma peni 240, sheleni ankaitcha bob, ka sikisi peni ankakatcha tanner. Ine ndikuti mayi awa atiphunzitsa mbiri yakale pa £5 yathu. Ndili chikhalire choncho ndinakumbukira agogo anga aakazi ku Thyolo, mpaka kumwalira kwawo ankawerenga ndalama mu masheleni, ankati tiki, susu, sheleni, ife tikuseka. Kufufuza bwino nde ndi nkhani imodzi yomweyo, ifenso kwacha inabwera mu 1971 kulowa m'malo mwa paundi ya Malawi, K2 pa paundi imodzi, kutanthauza kuti masheleni 10 aja mzungu amati ten bob ndi amene anasanduka K1 kwathu ndipo kuno anasanduka 50p. Lero K1 ndi 50p mukaziika pamodzi mungolira, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Pomwe zinandigwira ndi kuntchito. Anthu amene timawasamalira ambiri ndi a zaka za m'ma 80 ndi 90, anakula ndi ndalama zakale zija, ndipo amene mutu unayamba kuiwalaiwala amabwerera komweko. Pali agogo ena aamuna amene madzulo aliwonse amavutika kufufuza m'matumba akuti ten bob yawo yasowa, mayi awo awakalipira. Kale ndinkangoti palibe chasowa khalani pansi, iwo nde kumakwiya kwambiri, chifukwa ine bob ndinkaona ngati ndi dzina la munthu, ndinafika pofunsa anesi kuti kodi Bob ameneyu ndi mwana wawo. Nditaphunzira zija ndinawafunsa kuti ten bob note yanu ija yofiirira, mumafuna mukagule chani. Agogo aja nkhope inamasuka, anayamba kundifotokozera za malipiro awo oyamba ku fakitale ya nsalu ndi mmene ankaperekera envelopu yonse kwa mayi awo osatsegula, mpaka anaiwala zofufuza m'matumba anagona bwinobwino. Nde amene muli pa ntchito ngati yangayi gawo limeneli musalijombe. Ngakhale amene mutu uli bwinobwino amanenabe kuti zimenezo zadya a few bob kutanthauza kuti zadula ndithu.

Wiki yomaliza ya ndalama sitinakhale mu holo, tinakumana Loweruka masana ku Kirkgate Market. Ndi msika waukulu wamkati mwa tauni, ndipo madamu anatiimika pomwe pali chikumbutso cha shopu yaikulu ya Marks & Spencer kutiuza kuti shopu yonse ija inayambira mumsika momwemo mu 1884, Michael Marks ali ndi kabenchi kogulitsa zinthu pa peni imodzi. Ndinaganiza za mavenda athu a ku Limbe. Ntchito yathu inali yoti aliyense agule kanthu ndi kashi ndipo amvetsere mmene ogulitsa akuitanira. Pound a bowl, mbale imodzi paundi, two for a fiver, ziwiri £5. Chakumadzulo mitengo ya zipatso ndi ndiwo zamasamba imatsika chimodzimodzi kwathu msika ukamatha. Anatiuzanso pomwe munganenerere mtengo ndi pomwe simunganenerere, mu shopu ayi, koma ku car boot sale kuja anthu amagulitsa katundu wawo wakale pa galimoto Lamulungu m'mawa nde nenererani ndithu, munthu akati twelve quid inu muziti call it a tenner. Ndinakayesa, ndinagula poto wabwinobwino wophikira nsima pa £4 atayamba ndi £6. Kwathu ndikanafika pa £3 koma ndikuphunzira kaye.

China chomwe ndinawayamikira madamu ndi choti pa mawu ena sankaseka. Cash in hand anaifotokoza momveka kuti ndi kulipidwa pamanja osadutsa ku msonkho, ndipo anati amene muli pa viza ya ntchito wina akakuuzani zimenezo ganizani kawiri chifukwa pepala lanu ndi limene lili pachiswe osati lake. Pa liwu loti wonga, lomwenso ndi ndalama, anatiuza za kampani ya ngongole yomwe inkadziwika ndi dzina lomwelo inagwa mu 2018, yobwereketsa ndalama zobweza pa malipiro ndi chiwongola dzanja chokwera zedi. Ine ndinangoti ooh katapila, ndinawafotokozera, anati ndi yemweyo kungoti wa kuno amavala tayi. Buy now pay later, kutenga katundu lero nkulipira pambuyo pake, anaikambanso pomwepo.

Zomwe zikusowa zilipo. Mawu a achinyamata mulibe, ana anga akabwera kusukulu amati bag kutanthauza £1000 ndi Ps kutanthauza ndalama, madamu nditawafunsa anati zimenezo afunse zidzukulu zawo ndipo sanabwere nalo yankho. Za ku America monga bucks anangodutsapo mphindi ziwiri, pamenepo sindikudandaula poti sitili ku America. Koma chomwe chinandikhumudwitsa ndi choti pa ma wiki atatu a ndalama panalibe ngakhale theka la ola la payslip, kapepala koonetsa malipiro ako ndi zomwe adula. Munthu wangofika kumene chomwe chimamuzunguza mutu ndi tax code (nambala yowerengera msonkho wako), National Insurance (ndalama ina yomwe boma limadula), penshoni yomwe akudula, kusiyana kwa ndalama yomwe analemba pa kontrakiti ndi yomwe yalowa mu akaunti. Ola lija la monkey ndi pony likanapita pamenepa bwenzi ndikupereka ma maliki onse. Komanso kalasi yonse ikuchita ngati anthu akuyendabe ndi kashi pomwe kuno pafupifupi paliponse ndi kungogunditsa khadi kapena foni, moti nthawi zambiri mtengo umangouona pa kamashini osamva munthu akuutchula.

Chodabwitsa nde choti kalasi yomweyo salandira khadi, ndi kashi basi, fiver yako m'manja pakhomo. Kawiri konse ndinachita kuyenda wapansi kukasaka bowo la pakhoma lija mvula ikugwa, ndipo makina ambiri amatulutsa ma £10 ndi ma £20 nde tchenji imavuta, tsiku lina anandibwezera shrapnel yokhayokha thumba la jekete kulemera. Mukalipiriratu ma wiki onse 8 kenako shifiti yasintha mwajomba, ndalama sabweza ndipo palibe tsiku lina lobwezeretsa, nde ife a ma shifiti bola kumalipira tsiku ndi tsiku. Holo imazizira, hita imayatsidwa ife tikulowa nde imayamba kutentha tikutuluka, valani zokwanira. Mapepala omwe amagawa ndi ma fotokope otuwa ena osawerengeka pansi pake. Madamu akayamba nkhani ya zidzukulu zawo kapena ya galu wawo mphindi khumi zimapita, ngakhale kunena zoona nkhani zimenezonso ndi chizungu chomwe tinapitira. Ndipo munali bambo wina amene funso lililonse amayankha ndi iye, madamu ndi ofatsa kwambiri samatha kumuletsa, mayi wa ku Ukraine uja mwina anayankhula kasanu kokha ma wiki onsewo. Tiyi ndi mabisiketi ndi zaulele, tiyi wake ndi wabwino.

Pa 10 ndikupereka 7. Ngati mwakhala kuno zaka zitatu kapena kuposa ndipo mumacheza ndi azungu kuntchito musavutike, zambiri mukuzidziwa kale. Ngati muli m'chaka choyamba, makamaka amene mukugwira ndi okalamba kapena pa tilu mu shopu, pitani, ndipo khalani kutsogolo pafupi ndi sipika chifukwa ka foni ka madamu sikamveka kumbuyo. Makalasi ngati amenewa amapezeka m'madera ambiri, funsani ku laibulale ya kwanuko, ena ndi aulele.

Lachisanu lapitali kuntchito kunalinso whip-round, wina akupita kukachira. Envelopu itafika pa ine ndinaponyamo fiver ndikuwauza kuti I'm skint mpaka pay day, wina anati aren't we all love, ndikundipatsira cholembera ndisaine khadi.